Msonkho wa Bambo a Upile

Ine dziko lopanda msonkho sindinalikhulupirire chiyambire. Tsiku limene ndinafika kuno ku Doha, tili m'galimoto kuchokera kubwalo la ndege, apongozi anga anauza mwana wanga Ndaziona kuti andiuze kuti kuno boma silidula kanthu pa malipiro a munthu. Zimene walandira ndi zako zonse. Ine ndinayang'ana pawindo, ndinaona misewu yosalala ngati mbale yatsopano, nyumba zagalasi zofika kumitambo, maluwa othiriridwa pakati pa mchenga, ndipo ndinati mumtima: zonsezi wamanga ndani, ndipo adzalipiritsa ndani? Msampha wa mbewa nawo umakhala ndi chiponde chaulere. Koma sindinanene mokweza. Munthu sufika pakhomo pa eni n'kuyamba ndi kutsutsa.

Ndinabwera kudzalera mdzukulu wanga Upile, poti Ndaziona ndi namwino, sabata ina amalowa m'mawa, ina madzulo. Timakhala ku Bin Mahmoud, m'fulati ya zipinda ziwiri, pamwamba kwambiri moti nkhunda zimauluka kumunsi kwathu. Ndinachenjeza za mawindo tsiku loyamba lomwelo, ndipo mpaka lero ndi omangidwa ndi nsalu.

Apongozi angawo dzina lawo ndi Grayson, koma ine ndimati bambo a Upile. Kwathu ku Chiradzulu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sakhala mphasa imodzi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Tsono tayesani kupatuka m'kanjira ka m'fulati koti anthu awiri sangadutsane. Ndinaphunzira kumvetsera mapazi awo. Akamatuluka kuchipinda ine ndimalowa kukhitchini, akamabwera kukhitchini ine ndili kubafa. Ndikakhala ndi mawu oti amve, ndimauza Upile mokweza: "Upile, anthu ena asamaiwale ketulo pamoto." Mwanayo ali ndi zaka zitatu, sadziwa kanthu za ketulo, koma ketuloyo imazimitsidwa.

Ndi munthu wabwino, samwa, sakweza mawu. Vuto lawo ndi limodzi: ndi nzika ya Amerika. Anapita kumeneko ali mnyamata atapambana mayere aja a ziphaso zokakhalira ku Amerika, n'kukhala zaka zambiri kudera lotchedwa Texas akukonza makina oziziritsa m'nyumba, ntchito yomwe akugwiranso kuno. Alendo akabwera ankakonda kufotokoza kuti ku Texas nakonso boma la deralo silidula msonkho pa malipiro, linkadula ndi boma lalikulu lokha, ndiye atasamukira kuno anathana nazo zonse. Ankati iwo msonkho umawaopa, kulikonse kumene apita umathawa. Alendo ankaseka. Ine ndinkauza Upile kuti munthu sanyoza ng'ona asanawoloke.

Kuno tsiku lopuma ndi Lachisanu, choncho timapemphera Lachisanu, ku Abu Hamour kumene matchalitchi onse anawaika mumpanda umodzi, alonda ali pachipata. Ndinafunsa ngati kumwamba anadziwitsidwa za kusintha kwa tsikuku. Lachisanu lina titaweruka tinabwera ndi a Macfussy, mnzawo wa apongozi amene amayendetsa basi ya hotela, munthu woti pakamwa pake palibe chitseko. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chili chotsekula pang'ono monga mwa nthawi zonse.

"Bigi, za tax zija munafayila?" anatero a Macfussy mpunga uli m'kamwa. "Zaka zinayi, aise. Amerika siiwala mwana wake. Ngakhale mukakhale kumwezi, amafuna mafomu awo."

Bambo a Upile anayankha motsitsa mawu kuti iwo anadziwa mochedwa kuti nzika ya Amerika imayenera kutumiza mapepala a msonkho ku boma lalikulu chaka chilichonse, kulikonse kumene ikukhala, ngakhale m'dziko loti eni ake sadula kanthu. Anati akuopa chilango, koma aziona bwinobwino.

"Ndiye alamu adikira mpaka liti? Dzina lawotu lili kale m'makompyuta a anthu aja."

"A Macfussy, idyani, ndiwo zikuzizira," anatero Ndaziona.

Ine ndinagwira sinki. Zaka zinayi osalipira msonkho, ndipo dzina la mkazi lili kale m'manja mwa boma.

Achinyamata a lero msonkho amaumva ngati mawu a pawailesi. Ine ndinauona ndi maso. Ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangoguluka, pamene mbiri inafika m'mudzi kuti amesenjala akubwera. Abambo anathawira kuphiri monga ankachitira amuna onse opanda chiphaso cha msonkho. Amesenjalawo sanadzivutitse kukwera phiri. Anapeza amayi ali pamtondo, manja ali ndi gaga, n'kuwauza kuti tsogolani. Anapita nawo kuboma pamodzi ndi akazi ena, ndipo anakhala kumeneko akusesa ndi kutungira madzi anthu osawadziwa mpaka abambo atatsika okha n'kugulitsa mbuzi. Amayi atabwerako sanafotokoze kanthu, koma mpaka imfa yawo akamva belu la njinga ankalowa m'nyumba. Choncho musandiuze za msonkho. Msonkho suthamangitsa mwamuna, mwamuna ali ndi miyendo. Umatenga mkazi.

Madzulo ake ndinamufunsa Ndaziona akusambitsa mwana. Anati ndizisiye, si nkhani yoti ndizidandaula nayo. Ndinafunsa ngati ndi zoona kuti dzina lake lili kuboma la Amerika. Anati inde, koma si momwe ndikuganizira. Ndinati nanga ndi motani. Iye anathira madzi pamutu pa Upile n'kunena kuti sopo walowa m'maso mwa mwana, ndimupatsire thawulo. Mwana wanga ndimamudziwa. Akamabisa kanthu amaluma mlomo wam'munsi, ndipo tsiku limenelo anauluma mpaka kuyera.

Ndinayamba zimene ndikanatha. Ndinachotsa matiresi anga m'chipinda cha Upile n'kuwayala pafupi ndi chitseko cha panja. Ndinauza Ndaziona kuti azivula mphete akamapita kuntchito, ndipo wina akafunsa za mwamuna azinena kuti anapita kumudzi, sakudziwa tsiku lobwerera. Anandiseka, koma kuseka kwake kunali kopanda mano. Belu likalira masana ndinkamutseka pakamwa Upile mpaka wogogodayo atapita. Tinakhala masiku angapo opanda madzi akumwa chifukwa mnyamata wobweretsa zigubu anatopa nafe, ndipo wokonza mpopi anabwerera kawiri. Ndaziona ananena kuti ndikusokoneza nyumba. Ine ndinati nyumba yosokonezeka ndi yabwino kuposa nyumba yopanda mkazi.

Pansi pa nyumba yathu pali mlonda, a Mussa, mwana wa ku Mangochi, amene amandipatsa moni wachiyao ngakhale ndinawauza kuti ine ndine Mlomwe. Ndinatsika, ndi masitepe poti lifiti sindiikhulupirira, n'kuwapempha kuti akaona mzungu wonyamula chikwama akufunsa nambala yathu, amuuze kuti tinasamuka.

"Agogo, mafi mushkila, palibe vuto," anatero a Mussa akupukuta misozi ya kuseka. "Ndidzamuuza kuti lifiti yafa ndipo masitepe ali ndi njoka. Koma aku Amerikatu sabwera ndi njinga. Amangodina batani ali kwawo, khalasi, zatha."

Iwo ankaganiza kuti akunditonthoza. Ndinakwera masitepe aja ndikudzifunsa. Mesenjala wa njinga umamuona fumbi ali patali. Nanga wa batani umamutsekera chitseko chiti?

Ndiye ndinaona kuti kubisala sikuthandiza, msonkhowo uyenera kulipidwa basi. Ndinayamba kuuza Upile m'mawa ndi madzulo, apongozi ali pafupi, kuti mwamuna wokonda mkazi wake amalipira msonkho, kuti ngongole ya boma siwola, kuti ng'ombe yothawa dibi imafa ndi nkhupakupa. Pa nkhani ya ketulo njirayi inkagwira. Pa iyi ayi. Bambo a Upile anayamba kunyamuka kusanache bwino ndi kubwera mwana atagona. Amene anamva ndi Upile yekha, moti chidole chake anachitcha Msonkho n'kumachibereka kumbuyo.

Thandizo ndinalipeza kutchalitchi. Mayi Maness, amene timakhala nawo benchi imodzi, amagwira ntchito m'nyumba mwa aphunzitsi awiri a ku Amerika. Nditawanong'oneza vuto langa anati iwo zimenezi amaziona chaka chilichonse: mabwana awo amaitana bambo wina wa ku Kenya, katswiri wa mapepala amenewa, amakhala naye patebulo ndi kompyuta, amatukwana pang'ono, kenako amamwa khofi nkhani yatha. Ndinawapempha kuti amuitane Lachisanu lotsatira kunyumba kwathu, adzadye nafe masana ngati mlendo wanga. Mayi Maness anafunsa ngati eni nyumba akudziwa. Ndinati adzadziwa akadzamuona.

Anabweradi, bambo wamtali wa magalasi, chikwama chili paphewa. Aka kanali koyamba kuti nditsekule chitseko ndekha kwa munthu wonyamula chikwama. Atadzifotokoza m'Chingerezi, bambo a Upile anangoima pakati pa balaza rimoti ili m'manja. Ndaziona ndiye anamvetsa msanga. Anandikokera kukhitchini.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Chimene iwe ukanachita kalekale."

"Ndinakuuzani kuti muzisiye."

"Amayi anganso ankati zisiye."

Ndinamusiya pomwepo. Ndinatuluka, ndinakhala pansi pakhomo la balaza, chammbali, nkhope ili kukhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wanga ndinalankhula ndi mkamwini wanga popanda wapakati.

"Apongozi, pakhomo panu pano ndadya, ndagona, sindinakupempheni kanthu. Lero ndikupempha. Ndinakupatsani mwana wanga ali wathunthu. Musalole kuti anthu a msonkho adzamutenge chifukwa cha inu. Munthu wa mapepala ndi uyu, ndabwera naye."

Ndinamva mawondo awo akugunda pansi, poti mkamwini sangaime apongozi ake atakhala. Mlendo uja, posadziwa mwambo wake, nayenso anatsika pampando n'kunjuta ndi chikwama chake. Tonse tinali pansi kupatula Ndaziona, amene anaima pawindo atatifulatira.

"Amayi," anatero bambo a Upile, "mukudziwa chimene mukupempha?"

Ndinati ndikudziwa bwino lomwe, ndinachidziwa iwo asanabadwe.

"Ndazi, ndiwafotokozere?"

Ndaziona anati, osatembenuka, "Mwamva. Akuti akudziwa."

Mkamwini sakana pempho la apongozi atakhala pansi, makamaka pamaso pa mlendo. Tsiku lomwelo kompyuta inatsekulidwa patebulo lodyera.

Ntchitoyo inatenga Malachisanu angapo. Mkenya uja ankafuna chilichonse: mapepala a malipiro, a kubanki, masiku amene apongozi anagona kunja kwa Qatar, ngakhale dzina la Upile ndi tsiku limene anabadwa. Pa dzina la mwanapo ndinakana, ndinati mwana salipira msonkho, amusiye, koma anandiuza kuti popanda ilo sizitheka. Ndinkawaphikira tiyi n'kukhala kuseri kwa chitseko. Chingerezi sindimva, koma nkhope ya munthu amene akuuzidwa ngongole ndimaidziwa, ndipo ndinkadikira kuiona. Ndinali nditakonza kale kuti zikavuta ndigulitse munda wanga wa kudimba.

Lachisanu lomaliza ndinamva apongozi akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Ndaziona anabwera kudzandiuza kuti palibe choti alipire. Munthu amene wakhala kunja chaka chonse, malipiro ake osapyola malire ena, boma la Amerika silimudula kanthu. Limangofuna kuti anene. Ndipo poti anadzipereka okha asanafunsidwe, chilango palibenso.

Ndinati andibwerezere. Anabwereza. Ndinati amuuze Mkenyayo kuti alembe kangachepe, ngakhale ka mtengo wa nkhuku, kuti anthuwo aone kuti tinayesetsa. Bamboyo anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti m'zaka zake zonse sanaonepo munthu wopempha kulipira msonkho umene palibe. Ine sindinaseke. Boma lofuna ndalama zako ndi losavuta, umalipatsa n'kupita. Koma boma loti ndalama silikufuna, likungofuna kudziwa kumene ukugona, amene ukugona naye ndi dzina la mwana wako, limenelo lili ndi cholinga china. Ndinanena zimenezi. Mkenyayo analemba kuti agogo sakhutira.

Komabe mapepala anapita, yankho linabwera loti alandira, ndipo ndinabweza matiresi anga kuchipinda. Ndinapereka chithokozo kutchalitchi. Ndinauza a Mussa kuti za njoka zija asiye, nkhani ndaikonza ndekha, ndipo anati mashallah, agogo mukanapita kusukulu bwenzi muli nduna. Ndinaphika nkhuku yathunthu. Bambo a Upile anadya mpaka kumasula lamba. Ndaziona anangotola kachiwindi n'kunena kuti mutu ukumupweteka.

Inadutsa miyezi yotentha ija yoti ukatsekula chitseko cha panja umakhala ngati wasuzumira mu uvuni wa njerwa. Ndinayamba kuona zinthu. Ndaziona anapita kukayezetsa magazi ndi chifuwa chipatala china, asakudwala, n'kubwera atabayidwa pamkono. Anakajambulitsa zithunzi zing'onozing'ono zosamwetulira. Apongozi ankalankhula pafoni Chingerezi cha m'mphuno ndi anthu amene kwawo kunali m'mawa pamene kuno dzuwa likulowa. Ndikafunsa ankati ndi za kuntchito. Tsiku lina Ndaziona anavala diresi lake la paukwati wa mng'ono wake n'kunena kuti akupita ku ofesi ya kazembe wa Amerika, amuitana ku intaviyu. Ndinaima pachitseko. Ndinati munthu sapita yekha kuboma ndi miyendo yake, ngati ali nawe chifukwa abwere adzanene pano. Anandisuntha mofatsa ngati mmene amasunthira odwala ake, n'kupita.

Anabwera madzulo ali bwinobwino, ndipo ndinayamika. Patapita masiku pasipoti yake inabwera mu envelopu. Usiku usanagwe, Upile akusewera pabalaza ndi bambo ake, anandiitanira kuchipinda, anatseka chitseko n'kukhala pambali panga pabedi.

Anafotokoza pang'onopang'ono. Kalekale, ine ndisanabwere kuno, bambo a Upile anamulembetsa kuti akakhale nawo ku Amerika monga mkazi wawo. Ndiko kunali kupezeka kwa dzina lake m'makompyuta aja. Mapepalawo anayenda mpaka anafika poti mwamuna aonetse kuti amafayila msonkho, ndipo pamenepo anaima, poti panalibe choonetsa. Anaima choncho nthawi yonseyi. Msonkho utangokonzeka, njira inatseguka. Tsopano viza yatuluka, ili ndi nthawi yake yoti munthu alowe isanathe, ndipo apongozi apeza kale ntchito ku Texas konkuja.

Ndinafunsa za Upile. Anati Upile ndi nzika kale kudzera mwa bambo ake.

Ndinafunsa za ine.

Analuma mlomo uja. Anati mayi wa mkazi sawerengedwa. Ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chimatsamira pa ntchito ya apongozi, ikatha iyo chathanso. Ndibwerera ku Chiradzulu.

"Ndiye akutenga," ndinatero.

"Sakunditenga, amayi. Ndikupita ndekha."

"Agogo akonso anayenda okha. Palibe anawanyamula."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire poyamba paja. Anati akanandiuza, ine ndikananena kuti mayi satsekera mwana njira, ndikanalongedza mawa lake n'kubwerera kumudzi kuti ndisawalemetse. Anati bambo a Upile ankaopa chilango, iye sankawakakamiza, aliyense ankabisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo zinkayenda bwino: ine ndili pano, mwana ali ndi agogo ake, mapepala akugona. Nanga tsiku la Mkenya lija? Anati ndinali nditakhala pansi pamaso pa mlendo, iye akanandidzutsa bwanji? Komanso ankaganiza kuti za boma zimatenga zaka. Sankadziwa kuti likakhala ndi zonse zimene likufuna limafulumira.

Ndinati zimenezo ine ndikanamuuza, akanandifunsa.

Kenako anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikulire.

"Amayi, viza si unyolo. Ikhoza kutha ili m'kabati. Nenani kuti ndisapite, sindipita. Grayson ndalankhula naye, wati zili kwa inu."

Pabalaza Upile ankaimba nyimbo ya m'katuni, bambo ake akuyankha ndi mawu a chule. Ndinayang'ana makina oziziritsa akulira pakhoma. Kuno ndakhala nthawi yokwanira kuona mmene zimathera. Kuno munthu sakalamba. Ntchito ikatha amakupatsa masiku, umalongedza, ngakhale ana ako anabadwira konkuno. Mwamuna wa mayi Lucia a kukwaya anagwira zaka zambirimbiri, tsiku lina anangouzidwa kuti khalasi, ndipo anachoka ndi masutikesi ndi matenda a shuga. Apongozi anga tsitsi layamba kuyera m'mbali. Upile chaka chamawa ayamba sukulu.

Ndinachotsa dzanja langa.

"Iwe uli ndi misala? Boma lakuitana, lakujambula, lakubaya jakisoni, ndiye ukufuna kukana? Ukudziwa chimene amachita ndi munthu wokana? Adzadina batani, ntchito ya mwamuna wako idzatha, pasipoti ya mwana idzafufutika, mudzakhala anthu opanda dziko. Udzapita, ndipo udzapita tsiku lisanakwane."

Anati si mmene zimakhalira. Ndinati iye anabadwa dzulo. Ndinamuopseza madzulo amenewo, m'mawa mwake, ndi sabata yonse, kubafa, kukhitchini, pa masitepe. Ndinamukumbutsa za wachibale aliyense amene anaseweretsa boma n'kuona zakuda, ndipo achibale atatha ndinawonjezera ena a m'midzi yoyandikana. Kuopseza ndi ntchito imene ndimaidziwa. Pomaliza anagula matikiti, atatu opita uko, imodzi yopita ku Chileka.

Sabata ino tikulongedza. Nsalu za m'mawindo ndamasula, ndamupatsa kuti akamange kumeneko. Ndamuuza kuti asakatsekulire munthu chitseko, asakadye nyama yosaona fupa lake, mwana asakapite kunyumba za anzake poti ndamva kuti kumeneko mfuti amasunga ngati makasu. Ndamuuza kuti ku Texas akamanena kuti kulibe msonkho asakakhulupirire, taona kale mathero ake. A Mussa akuti adzandinyamulira chikwama mpaka pagalimoto, ndipo andipatsa zipatso zouma za tende zoti ndikapereke kwa mayi awo ku Mangochi, ngati kuti Mangochi ali kuseri kwa nyumba yanga. Mayi Maness akuti ndine mayi wamwayi, ndatsekulira mwana wanga khomo la Amerika ndi manja anga. Anthu kutchalitchi akundigwira chanza.

Dzulo Ndaziona wandiuza kuti pakapita zaka zingapo iye akhoza kukhala nzika, ndipo nzika imaloledwa kuitana mayi ake. Koma pamafunika kuti msonkho ukhale ukufayilidwa chaka ndi chaka, osadumpha, ngakhale chimodzi. Ndafunsa mwezi wake. Akuti Epulo, nthawi imene kwathu chimanga chimakhala chikuuma m'munda. Ndamutuma kuti afunse Mkenya uja ngati munthu angathe kufayila zaka zonsezo nthawi imodzi, zakutsogolo zomwe, kuti zifulumire. Wayankha kuti ayi, chaka chimafayilidwa chikatha, palibe chidule.

Ndiye ndauza Ndaziona kuti asanakwere ndege andigulire mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ochuluka ndithu, ndi foni ya mabatani akuluakulu, aikemo nambala ya bambo a Upile pa batani loyamba.